Tsiku Limene Bambo Anakana Kudya Kamsilikali

Bambo anga ankakonza makina osokera. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsalu, momwe munali tebulo lalitali, shelefu ya zitini zodzaza tizitsulo, ndi zenera limodzi losatsekeka bwino. Atelala a msewu wonsewo ankabwera kwa iwo. Makina akamadumphitsa ulusi kapena kuthyola singano, bambo ankangopalasa kawiri, n'kutchera khutu, kenaka n'kuloza pomwe pali vuto asanamasule kalikonse. Manja awo ankanunkha mafuta a makina ngakhale atasamba ndi sopo katatu.

Koma mukanawafunsa kuti iwo ndi ndani, akanakuuzani kuti makina ndi ongodyetsera ana, iwowo ndi munthu wa tchesi.

Mnzawo wa pabolodi anali amalume, achimwene awo a mayi anga, omwe anayendetsa malole mpaka msana unawakana. Lamlungu lililonse masana, kwa zaka zoposa makumi atatu, awiriwa ankakhala pakhonde pathu, bolodi lili pakati, tiyi akuzizira m'makapu. Ine ndine chitsiriza m'banja mwathu, ndipo tchesi ndinaiphunzira pongoonerera, nditatsamira mwendo wa bambo.

Amalume akatenga zoyera, zomwe zimayamba kusuntha, ankayamba mofanana nthawi zonse. Ankakankha kamsilikali ka kutsogolo kwa mfumu, bambo n'kukankha kawo, tiwirito n'kuyang'anizana pakati pa bolodi. Kenaka amalume ankakankha kena ka pambali pake, n'kukasiya poti bambo angathe kukadya ulere. Imeneyi ndi nyambo yakalekale. Ukadya kamsilikaliko, mnzako njira zimamutsegukira, ndipo amakuthamangitsa bolodi lonse osakupatsa mpata wopuma. Osewera ambiri osamala amangokasiya. Bambo sankakasiya.

"Alamu, ndinakupatsani mchemwali wanga, nakonso kamsilikali," amalume ankatero.

"Zonse ziwiri sindibweza," bambo ankayankha, kamsilikali kali kale m'manja.

"Ndikumva zimenezo!" mayi ankakuwa ali kukhitchini.

Bambo sankadya mwaumbombo chabe. Anali ndi makope anayi olemba pamanja, odzaza njira zonse zomwe masewero angalowere munthu akadya kamsilikali kameneko, ndipo zonsezo zinali m'mutu mwawo. Amalume akati apite uku, bambo anali atafikako kale. Kukalabu ya tchesi anawapatsa dzina loti Adyeratu, ndipo ena mpaka lero dzina lawo lenileni salidziwa.

Zizindikiro zinalipo, koma palibe anazitcha zizindikiro. Telala wina anabweza makina ponena kuti bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi, yaikidwa chogadama. Tsiku lina ndinapeza tizitsulo titatu tatsala m'mbale, makina atamangidwa kale, bambo akutiyang'ana ngati wina wawabweretsera. Anayamba kundiitana ndi dzina la mkulu wanga amene anakwatiwa kutali. Mayi ankangoti, "Ukalamba umenewo, musawavutitse." Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi basi. Ine ndimagulitsa mankhwala m'famase, ndimaona odwala tsiku ndi tsiku, koma wa m'nyumba mwathu sindinamuone.

Chaka chimenecho kalabu inakonza mpikisano wake muholo ya laibulale, Loweruka lonse. Bambo ananyamuka m'mawa atavala jekete lawo la imvi, koma magalasi anawaiwala pamwamba pa wailesi. Mayi anandituma kuti ndiwaperekere. Ndinafika masana, ndime yachitatu ikuyamba, ndipo papepala lomata pachitseko ndinaona kuti bambo agwera amalume, amalume ndi zoyera.

Holoyo inali ndi matebulo khumi ndi awiri, mafani awiri akuzungulira mwaulesi kudenga. Pambali pa bolodi lililonse panali wotchi ya nkhope ziwiri. Wosewera aliyense anali ndi ola limodzi, ukasuntha umadina batani kuti nthawi iyambe kudyeka ya mnzako. Anthu omwe anali atamaliza masewero awo anaunjikana patebulo la bambo, chifukwa aliyense ankadziwa zomwe zichitike ndipo ankafuna kuseka nawo. Ndinawapatsa magalasi, iwo n'kundigwira dzanja pang'ono osandiyang'ana.

Amalume anakankha kamsilikali ka mfumu. Bambo anakankha kawo. Amalume anakankha kachiwiri kaja, n'kudina wotchi, n'kupinda manja pamimba. Muholo salola kulankhula, ndiye nthabwala ija anangoinena ndi nsidze.

Dzanja la bambo linanyamuka monga mwa masiku onse. Linafika pamwamba pa kamsilikali kawo, zala zitatseguka, n'kuima pomwepo. Linakhala m'malere kanthawi, kenaka linabwerera pamwendo.

Wina kumbuyo kwanga anaseka chapansipansi. "Akuwaopseza dala," ananong'ona.

Panapita mphindi zisanu. Bambo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso. Panapita mphindi khumi. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu lawo n'kulowa m'kolala. Pomaliza anagwira bishopu wa pambali pa mfumu, n'kumutulutsa chopingasa mabwalo atatu, n'kudina wotchi. Kamsilikali ka amalume kanatsala pomwepo, kosadyedwa.

Anthu anang'ung'udza. Woyang'anira mpikisano, mphunzitsi wa masamu wamtali wokonda kufotokoza zinthu, anagwedeza mutu mokhutira n'kuuza woima naye pafupi kuti, "Kumeneko ndiye kukana kwa m'buku. Bishopu ameneyo amaletsa mfumu ya zoyera kubisala. Adyeratu akhwima tsopano."

Amalume sanaseke. Sanayang'anenso pabolodi. Ankayang'ana nkhope ya bambo.

Pamipikisano aliyense amalemba papepala chilichonse chomwe wasuntha. Ndili chiimire kumbuyo kwa bambo ndinasuzumira pepala lawo. Kusuntha koyamba kuja anali atakulemba katatu, mizere itatu yotsatizana, ndipo za bishopu sanalembe n'komwe.

Masewero anapitirira. Kusuntha kulikonse kwa bambo, pakokha, kunalibe cholakwika chachikulu, koma sikunkagwirizana ndi kunzake. Ankatulutsa chinthu n'kuchibweza. Ankateteza mbali yomwe kunalibe nkhondo. Anthu oonerera anayamba kuchoka mmodzimmodzi kupita kumatebulo ena, ena akuyang'ana pansi. Kenaka bambo ananyamula hatchi. Hatchi imadumpha mokhota, mabwalo awiri kutsogolo ndi limodzi pambali, ndipo ndi bambo omwewa anandiphunzitsa zimenezi ndili ndi zaka zisanu. Anaigwira m'mwamba nthawi yaitali, n'kuiika mabwalo awiri kutsogolo, molunjika.

Amalume anatsokomola, n'kutambasula dzanja ngati akuchotsa kachitsotso pabolodi, ndipo ndi chala chaching'ono anaikankhira hatchiyo bwalo limodzi pambali. Mphunzitsi wa masamu uja anaona. Anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana fani.

Patapita kanthawi amalume anatenga mfumukazi yawo n'kuiika penipeni pomwe hatchi ija ikanaidya popanda chobwezera. Anadina wotchi, maso ali kuzenera.

Bambo anayang'ana mfumukaziyo. Anayang'ana amalume.

"Alamu, ichi n'chiyani?" anafunsa mokweza, kuiwala kuti muholo salankhula.

"Ndaphonya, alamu. Maso akutha awa."

"Inu chiyambire simunasiyepo mfumukazi panjira. Ibwezeni."

"Lamulo sililola. Ndachotsa kale dzanja. Idyani."

"Mukundimvera chisoni pabolodi? Ine?"

Matebulo onse anali ataima. Bambo anagwira mfumu yawo pamutu n'kuigoneka pansi pang'onopang'ono, komwe ndi kuvomera kuti wagonja. Anaimirira, n'kumanga batani la jekete, n'kutuluka osapereka dzanja. Pepala lawo linatsala patebulo. Ndinalipinda n'kuliika m'chikwama changa kuti wina asaliwerenge.

Ndinawapeza kuseri kwa holo, atakhala pakakhoma pafupi ndi mpopi wodontha. Ndinakhala pambali pawo. Sindinafunse kanthu, anayamba okha.

"Ndinatambasula dzanja kuti ndidye," anatero. "Ndikudziwa kuti ndimadya. Koma nditati ndione chotsatira, munalibe kanthu, mwanawe. Akatulutsa hatchi ndiyankha chiyani? Akatulutsa bishopu? Mbee! Ndinaopa kulowa m'njira yomwe sindikuidziwanso. Bishopu uja ndinangomugwira chifukwa anali pafupi."

"Mwina mwangotopa, ababa. Simunadye bwino m'mawa."

"Usandinyengerere ngati kasitomala." Anapukusa mutu. "Makope aja ndimawerenga m'mawa uliwonse ndisanapite kushopu. Pofika masana zapita. Lero ndawerenga kawiri. Miyezi inayi tsopano."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti mutu ukudontha?" Kenaka anati, "Mayi ako usawauze."

Titaimirira kuti tizipita, anafika pageti n'kukhotera kumanzere. Kwathu ndi kumanja, ndipo msewu umenewo anauyenda moyo wawo wonse. Ndinawagwira mkono ngati ndikufuna kuwaonetsa kanthu m'sitolo, n'kuwatembenuza. Mayi ndinawauza tsiku lomwelo, tikuanula zovala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kupitiriza kupinda shati yomwe anali ataipinda kale.

Kuchipatala tinapita patatha milungu iwiri, bambo atakana kokwanira. Dokotala anali mayi wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono. Anawauza mawu atatu oti awasunge, n'kuwafunsa za tsiku ndi mwezi, kenaka n'kuwafunsanso mawu aja. Bambo anakumbukira limodzi. Anawapatsa pepala kuti ajambule nkhope ya wotchi. Bambo anajambula bwalo lokongola, lozungulira bwinobwino, dzanja la mmisiri. Manambala onse khumi ndi awiri anawapanikiza mbali imodzi, theka linalo n'kutsala loyera. Analiyang'ana pepalalo, akudziwa kuti china chake chalakwika koma osachipeza.

Atawapima zina zonse, dokotala anatiuza mosabisa. Ndi matenda a ubongo omwe amafufuta zinthu pang'onopang'ono. Mankhwala alipo ochedwetsa, ochiza kulibe. Analemba dzina la mapiritsi, ndipo ndinalidziwa ndisanamalize kuwerenga. Ali pashelefu yachitatu m'famase mwathu. Ndinkawadziwa anthu omwe ankabwera kudzagulira makolo awo, ndinkaona nkhope zawo zikusintha mwezi ndi mwezi, ndipo ndinkadziwa kuti pakapita zaka zingapo amasiya kubwera.

Shopu inatha mwezi wachisanu chichokereni kuchipatala. Telala wina wachikulire, kasitomala wawo wakalekale, anabweretsa makina kuti angowathira mafuta ndi kusintha lamba. Bambo anawamasula onse, chidutswa chilichonse, n'kuziyala patebulo mwadongosolo. Ndinawapeza madzulo atakhala pampando, manja ali pamaondo, akuyang'ana zitsulozo. Anali atakhala choncho kuyambira m'mawa. Ndinaolera zonse m'beseni n'kupita nazo kwa wokonza wina kutsidya kwa msika. Telala uja sanadandaule ngakhale pang'ono. Anangondigwira phewa n'kunena kuti, "Bambo ako anandikonzera makina amenewa ndisanakwatire." Zikanakhala bwino akanakalipa. Tinabweza kiyi kwa mwini sitolo, zitini zija n'kuziika pansi pa bedi.

Amalume anapitiriza kubwera Lamlungu. Ankayala bolodi okha, n'kumasewera mofatsa, bambo akasuntha molakwika iwo osanena kanthu. Nthabwala zinatha. Mayi ankabweretsa tiyi n'kubwerera msanga m'nyumba. Lamlungu lina amalume anadya nsanja ya bambo n'kuiika pambali pa bolodi monga mwa nthawi zonse. Bambo anawagwira dzanja.

"Bwezani chimenecho."

"Ndadya, alamu. Onani, inali apa."

"Mukuba zinthu zanga. Mumabwera kuno kudzaba. Tsiku lililonse chimasowa chimodzi."

"Alamu, ndine."

"Ndikukudziwani! Tulukani pakhomo panga!"

Anagubuduza bolodi ndi mkono. Tizidutswa tinamwazika khonde lonse, kapu n'kusweka. Bambo amene sanandimenyepo ngakhale kamodzi anali ataimirira, chibakera chili m'mwamba. Amalume anatola chipewa chawo n'kutsika masitepe mogwira msana. Pofika madzulo bambo anali ataiwala zonse, n'kumafunsa kuti alamu awo sanabwere bwanji lero.

Amalume sanabwerenso. Patapita milungu isanu ndinapita kwawo nditakwiya. Ndinawapeza pabwalo atakhala patayala lakale la lole, akusenda lalanje lomwe sankadya.

"Amalume, mukudziwa kuti si iwo ankalankhula zija. Ndi matenda. Amakufunsani Lamlungu lililonse."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwawataya?"

Anaika mpeni pansi. "Khala pansi, mphwanga. Pali chomwe sukudziwa." Ndinakhala pachidebe. "Kusanachitike mpikisano uja, miyezi iwiri yathunthu, bambo ako ankandipempha kuti azitenga zoyera iwowo. Lamlungu lililonse. Ankati akufuna kuyesa zatsopano. Munthu amene ankakonda zakuda kuti adye kamsilikali kanga! Ndinadziwa kuti akuthawa kanthu. Ndinaona akuwerenga mabwalo ndi chala. Ndinadziwa."

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Sindinkafuna kuti zikhale zoona. Tsiku lija muholo ndikanatha kuyamba mwina mulimonse. Njira zilipo zambirimbiri zofatsa, tikanagawana masewero n'kupita kwathu. Koma ndinati ndimuyese. Ndinati akadya, ndiye kuti ndimangoganiza zopusa, mlamu wanga ali bwino. Ndinamuyesa pamaso pa anthu onse aja." Anaika lalanje lija pansi. "Ndine ndinamuvula pagulu. Ndiye akamati ndimabwera kudzaba, ine ndiyankhe chiyani?"

Ndinafuna kuwauza kuti matenda akanabwerabe, kuti kamsilikali sikadwalitsa munthu. Ndinanenadi. Anagwedeza mutu ngati akuvomera, koma Lamlungu lotsatira mpando wawo unakhala wopanda munthu, ndi linalo, ndi linalo. Amatumiza zipatso kudzera mwa azakhali, akazi awo. Pamsewu wathu sadutsa.

Tsopano papita zaka ziwiri ndi theka. Ndinasiya chipinda chomwe ndinkakhala pafupi ndi ntchito n'kubwerera kwa makolo, chifukwa mayi okha sangathe. Mayi anaonda mpaka madiresi awo ndimachita kuwabweza m'chiuno. Pageti tinaikapo loko, chifukwa bambo anatulukapo kawiri, ndipo kachiwiriko tinawapeza pasiteji ya basi dzuwa likuswa mtengo, atavala nsapato imodzi, akuti akudikira mayi awo omwe anamwalira ine ndisanabadwe. Pazitseko ndinamata mapepala olemba kuti chimbudzi, khitchini, chipinda, koma kuwerenga nako kwayamba kuwathawa. Mkulu wanga amaimba foni n'kumalira, ine n'kumamutonthoza, foni ikatha n'kupita kukachapa zofunda.

Ndevu ndimawameta ndine, m'mawa ndisanapite kuntchito, chifukwa mayi dzanja limanjenjemera. Ndimawakhazika pampando pafupi ndi zenera, thaulo pakhosi, beseni la madzi ofunda pansi. Amakhala phee, chibwano chili m'mwamba, ngati mwana womvera. Lachiwiri lapitali, nditamaliza n'kuwapukuta, anadzigwira masaya n'kumwetulira.

"Zikomo kwambiri, mayi. Muli ndi dzanja labwino," anatero. "Mumagwira ntchito konkuno?"

"Eya, bambo. Konkuno."

"Mwakhalitsa?"

"Ndakhalitsa ndithu."

Anayang'ana kuzenera kanthawi, kenaka anandikodola kuti ndiwerame, ngati pali chinsinsi.

"Ine ndili ndi mwana wamkazi," ananong'ona. "Womaliza. Wanzeru kwambiri, amagulitsa mankhwala. Koma sabwera kudzandiona. Kaya ndinamulakwira chiyani. Mukakumana naye mumuuze kuti bambo ake akumufuna."

"Ndikamuuza," ndinatero.

"Musaiwale."

"Sindiiwala."

Ndinachotsa thaulo, n'kukataya madzi kuseri kwa nyumba, n'kutsuka lezala. Mayi anali ataima pakhomo la khitchini, anamva zonse, ndipo sitinayang'anane. Ndinavala yunifolomu, n'kutseka geti ndi loko, n'kuthamangira basi chifukwa nthawi inali itatha kale.